Nyumba Yagalasi ya a Nambewe

Roma, 14 Ogasiti 2023

Achemwali Esitere,

Moni nonse kumeneko. Amayi ali bwanji? Chifuwa chija chinaleka? Nanga amalume a Anselmo, alamu anga ndi ana? Ine kuno ndili bwino, kungoti kukutentha ngati m'ng'anjo ya njerwa, moti ndikusirira kamphepo ka ku Lobi. Kalatayi ndatumiza pa foni ya aphunzitsi a Cathy monga mwa nthawi zonse. Akakusindikizirani muwawerengere amayi mokweza, musadumphe mawu.

Maphunziro anga ojambula mapulani a nyumba atsala chaka chimodzi. Achemwali, ndikanakonda mukanauona mzinda uno ndi maso anu. Dzulo aphunzitsi athu anatitengera kumalo ena kumene kuli khoma la miyala lomwe akuti linamangidwa Ambuye Yesu asanabadwe. Lilipobe mpaka lero, long'ambika, lomera udzu pamwamba. Ndiye pambali pake penipeni amangapo nyumba yamakono, yoyera mbee, makoma ake galasi lokhalokha, denga lafulati ngati tebulo. Ukaima panja, khoma lakale lija umalionanso m'galasimo. Ukalowa mkati, kuwala kumakupeza kulikonse kumene waima, mulibe pobisala mdima. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa mpaka anzanga anachita kundikoka. Ndipo anthu kuno sakhudza mwala ngakhale umodzi wa nyumba zakale. Ukangogumulako pang'ono, amakumanga.

Tsono nkhani ndi iyi. Kuti ndimalize sukulu ndiyenera kuonetsa nyumba yojambula ndekha, ndipo ikakhala yomangidwadi, dzina langa likwera. Bungwe lina kuno lavomera kugula zipangizo. Ine ndati nyumba imeneyo ikhale ya amayi, pamudzi pathu pomwepo, yoyang'ana phiri. Anabereka mwana wophunzira, asamagonenso m'zidina. Muwafunse ngati avomera, mundiyankhe msanga.

Ndine mlongo wanu,
Kingsley

Lobi, 3 Sepitembala 2023

Iwe Kingsley,

Takulandira. Kalata yako inachedwa chifukwa foni ya aphunzitsi inagwera m'ndowa, inachita kukagona m'thumba la mpunga kuti itsitsimuke. Ife tilipo. Chifuwa cha amayi chimapita n'kubweranso, sichitsanzika. Kachewere wachita bwino kudimba koma mtengo wake ndi wamanyazi. Za feteleza ndiye usandiyambitse. Ukapeza kangachepe utikumbukire mvula isanagwe.

Amayi ndawawerengera kawiri. Mawu awo ndi awa, ndalemba monga atulukira pakamwa:

"Mwana wanga, ndamva za khoma la Azungu lomera udzu, ndaseka kwabasi. Kani nawonso amasunga zakutha? Ndiye kuti ali ndi nzeru. Yangayinso ndi yotero. Anaimanga bambo ako ndi manja awo atangobwera chikamwini, madzi oumbira zidina ndinkatunga ndine, Esitere ali kumbuyo. Iwe unabadwira m'chipinda chakumanzerecho, tsiku la mvula, denga likudontha. Ukafuna kumanga yagalasiyo manga, ndavomera. Ichite monga wanenera zakumeneko, yatsopano pambali pa yakale. Malo alipo, kumtunda kwa mpichesi. Ndizidzalandiriramo amayi a mphakati wathu tikamasonkhana kupemphera, aone kuti a Nambewe anabereka. Koma usamaime nthawi yaitali padzuwa poyang'ana makoma, udwala mutu."

Wamva wekha. Akhala akuuza aliyense wodutsa, mpaka a Nachisale apafupi aja ayamba kunena kuti tiyamba kunyada.

Ndine chemwali wako,
Esitere

Lobi, 27 Okutobala 2023

Kingsley,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ndikufuna. Tilipo.

Wachita chiyani iwe? Wakhala chete nthawi yonseyi, ife n'kumayesa uli pa mayeso, kani ukulemberana ndi mmisiri wa ku boma, a Zikhalo, ife osadziwa. Loweruka lapitali ine ndi amayi tinapita ku Linthipe kuchinkhoswe cha mwana wa azakhali, tinagona komweko. Lolemba m'mawa a Zikhalo anafika pathu ndi antchito awo, pepala lako lili m'manja. Anatulutsa katundu yense wa amayi n'kumuunjika pansi pa mpichesi: bedi, mitsuko, sutikesi ya malemu bambo, chithunzi cha Amayi Maria, zonse. Kenako anakwera pamwamba n'kuyamba kuphwasula denga.

Kodi ku Romako anakutsuka mutu mpaka kuiwala kwanu? Kuno nyumba ya munthu timaigwetsa mwini wake akamwalira. Munthu ali moyo, ngakhale itapendekeka bwanji, timaisiya igwe yokha. A Nachisale atatuluka anaona katundu ali panja, denga lili pansi. Anafunsa mmodzi wa antchitowo, iye n'kuyankha kuti, "Atituma ana awo akunja, akuti eni ake sadzagonamonso." Basi, a Nachisale anagwira kumutu n'kuyamba kubuma. Za chifuwa chija amazidziwa, ndiye anangoti amayi atsirizikira paulendo. Mudzi wonse unakhamukira pathu. Amalume anathamanga kuchoka kudimba, khasu lili m'manja, akulira ngati mwana. A Zikhalo anayesa kufotokoza, koma pamaliro ndani amamvera mlendo? Wina anali atakaimba kale belu kutchalitchi.

Ife tinatsika njinga yamoto masana. Tikumva nyimbo ya maliro, amayi n'kuti, "Kalanga ine, watisiya ndani?" Anafulumiza mwendo kuti akakhuze nawo. Atangotulukira pa mpichesi paja, nyimbo inaduka. Azimayi ena anathawira m'munda, wina mpaka kusiya nsapato. Amayi anaima. Anayang'ana anthu, anayang'ana mulu wa dothi pamene panali chipinda chawo. Sanalire. Anangofunsa a Zikhalo kuti, "Chitseko changa mwaika kuti?" Chitsekocho antchito anali atachiwaza kale, anaphikira tiyi.

Panopa akugona m'kakhitchini kaja, pamodzi ndi nkhuni. Kwanga sangagone, ukudziwa wekha, muli mkamwini wawo, ndipo anena kuti bola panja kusiyana n'kugona denga limodzi ndi apongozi. Ndiyankhe, Kingsley. Ndiuze kuti a Zikhalo sanamve bwino.

Esitere

Roma, 12 Novembala 2023

Achemwali,

Moni kwa nonse. Ndikhulupirira kuti mitima yatsikako pansi tsopano.

Musandikwiyire, koma kalata yanu ndinaseka nayo mpaka misozi. A Nachisale kubuma, wina kusiya nsapato! Nditawafotokozera anzanga pa nkhomaliro, wina anatsamwa ndi khofi. Aphunzitsi athu anati nkhani imeneyi ndiilembe poyambirira pa lipoti langa, chifukwa ikuonetsa mtundu wa anthu amene nyumbayi ikukawatsegula maso.

A Zikhalo anamva bwinobwino. Ndinawauza ndine, ndipo tsiku ndinasankha ndine, nditamva kwa aphunzitsi a Cathy kuti mupita ku Linthipe. Ndinadziwa kuti mukakhalapo mukana, tizingokangana mpaka mvula. Malo amene panali nyumba yakale ndi okhawo amene phiri limaoneka lonse, kuyambira kunsi mpaka pamwamba. Kumtunda kwa mpichesi kuli chimbudzi cha a Nachisale, mukufuna galasi langa liziyang'ana chimenecho?

Zakuti yatsopano pambali pa yakale, amayi sanandimvetse. Khoma la kuno ndi mbiri ya dziko lonse lapansi, anthu amakwera ndege kudzaliona. Zidina za bambo zinali dothi chabe, achemwali, tisafanizire zinthu zosafanana. Ndani angajambule nyumba yagalasi ili pambali pa chisakasa?

Miyambo yogwetsa nyumba pamaliro ndi ya anthu a gule. Ife ndife Akatolika, amayi akuopa chiyani? Apirire m'khitchinimo miyezi yochepa. Akadzalowa m'nyumba yawo adzandithokoza, mudzaona. Za feteleza ndizionabe, panopa zonse zikupita ku simenti.

Mlongo wanu,
Kingsley

Lobi, 25 Febuluwale 2024

Kingsley,

Moni. Ndakhala osakulembera chifukwa chimene chinali pamtima panga sichinali cholemba papepala limene aphunzitsi angaone. Mvula ikugwa, chimanga chathu ndi chachikasu, chifukwa chake ukuchidziwa.

Nyumba yako ikukwera. Magalasi anabwera pa lole kuchokera ku Lilongwe, ana a sukulu anaiperekeza kuyambira kumsewu. Aliyense wodutsa amaima n'kufunsa ngati ikhale banki.

Iwe ukuti ndife Akatolika. Eya, ndife Akatolika, koma amene anathawira m'munda tsiku lija ndi amayi a mphakati omwewo. Munthu akamulirira ali moyo, anthu samuonanso chimodzimodzi. Ana akawaona amayi akubwera amakuwa kuti, "Malemu! Malemu!" n'kuthawa akuseka. Pamjigo azimayi amawapatsa mpata msangamsanga, osati mwaulemu, koma kuti achokepo. Nyemba zawo pamsika zinabwerera zonse, wina anati sangadye za kumanda. Mwezi watha kunali maliro enieni kutsidya, ndiye anthu a gule anapeka nyimbo yakuti a Nambewe anabwera kudzakhuza okha maliro awo. Tsopano akuiimba ndi abusa a mbuzi omwe. Amalume anamenyana ndi munthu ku mowa chifukwa cha nyimbo imeneyo, anachoka dzino.

Poyamba amayi ankaseka nawo. Ankati, "Ndine ndekha m'mudzi muno ndikudziwa amene adzandilire ndi amene adzangobwerera chakudya." Pano anasiya. Kutchalitchi amakhala kumbuyo, kumphakati sapitanso. Amakhala pakhomo pa khitchini n'kumayang'ana antchito ako akuponda pamene panali bedi lawo.

Kalata yako ija sindinawawerengere yonse, ndinadumpha za khofi. Koma anazindikira kuti ndadumpha. Anditumanso mawu, ndi awa: "Umuuze kuti sindinakwiye. Mwana sakwiyirwa ali kutali. Ndikungofunsa kuti ndinamulakwira chiyani, kuti ndikalape."

Mako ndi mako, Kingsley, usamuone kuchepa mwendo.

Esitere

Roma, 19 Meyi 2024

Achemwali,

Moni. Ndilibe nthawi yambiri, ndingolunjika.

A Zikhalo anditumizira zithunzi ndipo ndakhumudwa kwambiri. Nyumba yangotha kumene, inu mwaisandutsa kale khola. Galasi lalikulu loyang'ana phiri, limene ndinalivutikira chaka chonse, mwalitchinga ndi zitenje, china cha chipani, china cha nkhope ya Papa. Pakhoma loyera pali mwaye wa mbaula kufika kudenga. Pansi mwayanika nyemba. Pakona ndaonapo nkhuku itakhalira mazira! Kodi mukudziwa kuti anthu amene anapereka zipangizo akaona zimenezi andiyesa wabodza?

Ndawauza a Zikhalo atulutse zonse, apakenso penti, atsuke magalasi, akhome chitseko. Kiyi asunga iwo ku boma. Mu Julayi kubwera wojambula zithunzi wochokera ku Lilongwe, ndipo mpaka tsiku limenelo musalowe munthu. Akajambula, amayi adzalowa, ndidzawalemberanso malamulo a kakhalidwe ka m'nyumba yotere. Akhala m'khitchini miyezi yonseyi, iwiri yotsalayi siingawaphe.

Funso lawo lija muwauze kuti sanandilakwire kanthu. Asiye kudzimvera chisoni, amangiridwa nyumba imene ngakhale a kwa DC alibe.

Kingsley

Lobi, 23 Juni 2024

Kingsley mlongo wanga,

Moni. Lero sindikukalipa, ndikupempha. Ukafuna ndigwade, ndagwada.

Ndikuuze za zitenje zija. Amayi analowa m'nyumba yako mokondwa, anavala nsapato zakutchalitchi, anapemphera pakhomo. Tsiku loyamba lomwelo akusintha zovala anatembenuka n'kupeza amuna atatu ochokera ku mowa ataima panjira, akuwaonerera. Mmodzi anaomba m'manja. Mayi wako, wa zaka zimenezi! Ndiye anachotsa zitenje m'sutikesi n'kutchinga. Mbaula anayatsa chifukwa simenti yapansiyo imazizira ngati mwala wa mumtsinje. Nkhuku ija inalowa yokha, pepani.

A Zikhalo atabwera kudzakhoma, amayi anatuluka okha, mkeka uli kukhwapa. A Zikhalo maso anali pansi.

Chaka chino kwazizira moopsa. Chisanu chawaula kachewere kudimba konse, m'mawa udzu umakhala mbuu. Khitchini ija khoma lina linagumuka ndi mvula, tinangotchinga ndi mapesi, mphepo ya kuphiri imalowa ngati kwawo. Chifuwa chija chabwera ndi ukali. Tinapita nawo kuchipatala, anati ndi chibayo, anawabaya jakisoni n'kutiuza kuti azigona pofunda. Ndinawapatsa mabulangete anga onse. Alamu ako, bambo a Pemphero, anati iwo akagona kwa anzawo kuti apongozi awo alowe kwathu, amayi anakana, akuti sangathamangitse mwamuna m'nyumba mwake kuti mudzi upekenso nyimbo ina.

Dzana amalume anabwera ndi nkhwangwa kuti aswe loko wako. Anali atakweza kale dzanja. Amayi anatuluka chokwawa n'kuwagwira mwendo. Anati, "Achimwene, nyumba ya mwini saswa iye kulibe. Ine ndaona kuwawa kwake." Amalume anaponya nkhwangwa uko n'kuchoka akutukwana dzina lako.

Ndiye kwatsala iwe wekha. Iwo salowa popanda mawu ako. Uwaimbire a Zikhalo abweretse kiyi. Ndikulonjeza kuti moto sitiyatsa, zitenje sitipachika, ndizikolopa ndekha m'mawa uliwonse. Angogona m'kachipinda kamkati kaja kopanda galasi, kuti mphepo isawapeze. Chonde yankha msanga, aphunzitsi akuti foni yawo izikhala yoyatsa.

Chemwali wako,
Esitere

Roma, 13 Julayi 2024

Achemwali,

Moni nonse! Pepani kuchedwa, ndinali pa ulendo ndi anzanga kukaona tchalitchi china chamakono kunja kwa mzinda. Makoma ake ndi opindika, oyera, ndipo dzuwa likamalowa mkati monse mumasanduka golide. Ndinakhala pabenchi n'kugwetsa misozi, ine amene sindilira. Munthu akaona zotere amadziwa kuti nyumba ili ndi mzimu.

Za chifuwa ndamva, pepani. Koma inunso mumakonda kukulitsa nkhani, achemwali. Amayi akhala akutsokomola chiyambire ndili ku pulayimale. Muwapatse mandimu ndi uchi. Kiyi sindingatulutse tsopano, penti yachiwiri yangouma kumene, ndipo ndikukudziwani, mukalowa ndi mkeka mawa mulowetsa mbuzi.

Imvani nkhani yabwino. Pulani yanga yasankhidwa kuti ikaonetsedwe pachionetsero cha sukulu yonse. Chatsala ndi zithunzi basi. Wojambula afika Loweruka pa 20 m'mawa. A Zikhalo abweretsa kiyi Lachisanu madzulo kuti mupukute fumbi. Aphunzitsi athu kuno akuti chithunzi chachikulu chikhale ndi mwini nyumba, ndiye tamverani bwino. Amayi muwasambitse, muwaveke zoyera zokhazokha, osati zitenje zamaluwa. Akhale pafupi ndi galasi lalikulu, phiri lizioneka kumbuyo kwawo. Akhale okha, anthu onse panja. Asaseke, asayang'ane kamera, manja akhale pamodzi. Ndipo ayesetse kuti asatsokomole pamene akujambulidwa.

Muwauze kuti nkhope yawo ionedwa ku Roma. Loweruka likadutsa nyumba ndi yawo.

Mlongo wanu wokondwa,
Kingsley

Lobi, 22 Julayi 2024

Kingsley,

Moni. Ife tilipo, otsalafe.

Amayi anamwalira Lachisanu m'mawa. Ndinapita ndi phala kukhitchini n'kuwapeza atazizira kale, atadzipinda pafupi ndi phulusa. Kalata yako ndinali nditawawerengera Lachitatu, yonse, sindinadumphe kanthu. Anandituma kuti ndichape bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi, kuti mwana asachite manyazi kwa Azungu.

Nditabuma, palibe anabwera. Ndinabuma mpaka mawu kutha, anthu ali m'makomo mwawo kumati ndi zomwe zija. A Nachisale anachita kutuma mdzukulu wawo kudzasuzumira kaye. Woimba belu anakana mpaka amalume atakamugwira pakhosi.

Sindinakuimbire foni, ndipo aphunzitsi ndinawaletsa. Tsiku lokuuza ndinasankha ndine. Ndinadziwa kuti ukamva uyamba kulamula.

Akuluakulu atakhala pansi anafunsa za nyumba ya malemu, kuti igwetsedwe monga mwa mwambo. Amalume anayankha kuti ntchito imeneyo mwana wawo anaigwira kale chaka chatha, ndipo anaigwira bwino, sanasiye ngakhale chitseko. Andituma kuti ndikuthokoze, wawapeputsira ntchito.

A Zikhalo anafika ndi kiyi madzulo monga unanenera. Anapeza anthu pa mpichesi. Anandipatsa kiyiyo ndi manja awiri, n'kukhala pansi pa dothi, sanadzukenso mpaka mdima. Tinatsegula, tinapukuta fumbi. Moto sitinayatse, zitenje sitinapachike. Amayi tinawalowetsa m'nyumba yawo, anagonamo. Anthu sanavutike kulowa kuti aone nkhope, ankangodutsa panja pa galasi.

Wojambula wako anafika Loweruka m'mawa tisananyamuke kupita kumanda. Ataona, anabweza kamera m'chikwama n'kuvula chipewa. Ndinamuuza kuti mwini ntchito akudikira, iye anakana. Ndiye ndinatulutsa anthu onse, n'kujambula ndekha ndi foni ya aphunzitsi. Chithunzicho chili pansi pa kalatayi.

Tawasambitsa. Avala zoyera zokhazokha. Ali pafupi ndi galasi lalikulu, ali okha. Sakuseka, sakuyang'ana kamera, manja ali pamodzi. Sanatsokomole. Phiri likuoneka lonse, kuyambira kunsi mpaka pamwamba.

Ukaonetse ku Roma.

Esitere, mwana wa a Nambewe